Simbi ya a Mbewe ndi Waya wa Kudenga

1947: M'shedi ya injini

Za ubwana wanga sindilembapo, pakuti panalibe chosiyana ndi ubwana wa anzanga a ku Biriwiri: kuweta ng'ombe m'mapiri ndi kupita kusukulu masiku amene ng'ombezo zalola. Inu ana anga mudziwe za ntchito, chifukwa ndiyo inakulerani. Ndiyambira pamene ndinagwira sipanala.

Ndinalembedwa ntchito pa mishoni ina ya kumapiri kwathu konkuno, imene inali ndi chipatala chaching'ono. Kuseri kwa chipatalacho kunali shedi ya malata, ndipo m'shedimo munali injini ya dizilo yopukusa dainamo ndi lamba. Magetsi onse a pamalopo ankachokera mmenemo: a kuchipatala, a kutchalitchi ndi a nyumba zitatu za azungu. Ife antchito tinkaunikira koloboyi, ngakhale mawaya ankadutsa pamwamba pa nyumba zathu. Injiniyo tinkailiza dzuwa likamalowa kwa maola ochepa, koma Lachiwiri ndi Lachisanu inkaliranso m'mawa chifukwa adokotala ankawiritsa zipangizo zawo.

Mkulu wa m'shedimo anali a Ngozo, munthu wa ku Lizulu amene anaphunzira za mainjini ndi mawaya ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ija. Anali wamfupi, wosakonda kulankhula. Akafuna sipanala ankangotambasula dzanja, iwe udziwe wekha kuti ndi iti. Miyezi itatu yoyamba ntchito yanga inali kutunga madzi a m'thanki yoziziritsa injini ndi kupukuta mafuta pansi. Waya sanandilole kuukhudza.

Lachisanu lina m'mawa, injini ikulira, khukhi wa adokotala anabwera akuthamanga kudzanena kuti magetsi athima kunyumba. Ine ndinatola sipanala yaikulu n'kulunjika pa injini kuti ndionetse changu. A Ngozo anandikoka malaya.

"Ukupita kukatani, Filimoni?"

"Kukaona chimene chavuta pa injini, bambo."

"Injiniyo sukuimva?"

"Ndikuimva."

"Ikutsokomola?"

"Ayi, ikulira bwino."

"Ndiye yakulakwira chiyani kuti uimasule? Pita ukasuzumire kuchipatala ngati getsi likuyaka."

Ndinapeza likuyaka. Nditabwerako a Ngozo anali akufunsa khukhi uja ngati magetsi athima nyumba yonse kapena mbali imodzi, ndiponso kuti athima iye akutani. Khukhi anati ndi kukhitchini ndi pakhonde pokha, ndipo zachitika atakhudza swichi ya pakhonde popukuta khoma. Tinapita kunyumbako. A Ngozo anatsegula kabokosi ka pakhoma n'kusolola kanthu koyera konga dothi la kapu ya tiyi, kokhala ndi kawaya kochepa ngati ulusi. Kawayako kanali katasungunuka pakati. Anati imeneyo ndiyo fyuzi. Sanafulumire kuikamo kena. Anakwera pa mpando n'kumasula chogwirira babu cha pakhonde, ndipo munatuluka madzi okwana supuni. Mvula inkadontha pa bowo la msomali wa lata n'kutsetsereka ndi waya. Tinaumitsa, tinamata bowolo ndi phula, kenako m'pamene anaika kawaya katsopano.

Pobwerera anandiuza mawu ambiri kuposa onse amene anali atandiuza chifikireni. Anati magetsi akathima, munthu amayamba ndi kufunsa, zitsulo zili m'thumba. Kukada ponseponse, vuto lili ku injini. Kukada nyumba imodzi, yenda pansi pa waya wochokera pa mtengo maso ali kumwamba. Kukada mbali ya nyumba, pita ku fyuzi, koma usaibwezere usanadziwe chimene chaipsereza. Zimitsa maswichi onse, zula zonse zolumikizidwa, ika fyuzi, kenako uziyatsa chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule yekha. Ndipo usanakhudze waya aliyense, zula fyuzi yaikulu uiike m'thumba lako, kuti wina asakuyatsire uli kudenga.

M'zaka zimene ndinakhala pamenepo olakwawo ndinawadziwa onse. Makoswe ankatafuna mphira wokutira mawaya. Chiswe chinkadya timatabwa tobisa waya m'khoma mpaka waya kugona pa dothi lonyowa. Nthambi za bulugamu zinkagwera pa nthambo mwera ukawomba. Koma amene ankativuta kwambiri anali sikuluwu yokhwepa m'swichi kapena m'chogwirira babu, chifukwa getsi limaphethira sabata yonse, iwe ukafika layaka bwinobwino ngati likukuseka.

1949: Chaka cha kusowa

Chaka cha njala chija aliyense wa msinkhu wanga amachikumbukira ndi m'mimba. Ife a m'shedi tinachikumbukiranso ndi m'bokosi la zipangizo. Lole yochokera ku Blantyre inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo ikabwera inkadzaza chakudya ndi mankhwala. Dizilo anachepa mpaka abusa analamula kuti nyumba za azungu zibwerere ku nyali za galasi, injini izilira chifukwa cha chipatala chokha. Migolo imene inkafika inali ya pansi pa nkhokwe, ya madzi ndi dzimbiri. Injini inkayamba bwino, kenako n'kumatsokomola, magetsi n'kufiira ngati makala, basi zii. A Ngozo anavula chipewa chawo cha ubweya cha kunkhondo, anachiika pa fanulo, ndipo dizilo yense tinkamusefera mmenemo. Mgolo tinkaugoneka masiku awiri usanatsegulidwe kuti madzi akhale pansi. Kuyambira pamenepo a Ngozo ankayenda mutu uli pamtunda, ndipo sanadandaule.

Kenako kawaya ka fyuzi kanatha. Kalipentala wa pamishoni, munthu wabwino ndithu, anabwera ndi msomali nati tiike umenewo, sudzapsanso. A Ngozo anaulandira, anauyang'ana, anamubwezera.

"Mwanena zoona, sudzapsa," anatero. "Chidzapsa ndi denga limene munakhoma inu. Fyuzi anaipanga yofooka dala, kuti zikavuta ife iyo, nyumba itsale."

M'malo mwake anatenga chingwe chakale cha nyali ya patebulo, anachisenda, n'kupatula timawaya ta m'kati mwake tooneka ngati tsitsi. Tinakhala masana onse m'shedi tikuyesa: kamodzi kakupsa ndi mababu angati, tiwiri tikupsa ndi angati. Tinalemba ndi choko pa chitseko. Timeneto tinatisunga m'kachitini ka fodya, ndipo tinatifikitsa mpaka lole inabweretsa waya weniweni mvula itagwa.

1952: Ku famu ya ku Tsangano

Ndinakwatira mayi anu, anaNkhoma, mu 1950, ndipo Esinati atabadwa ndinayamba kuganiza za malo anga ndekha. A Ngozo ndiwo anamva kuti mzungu wina wa famu cha ku Tsangano wagula injini ndipo akufuna mmisiri. Anandilembetsera kalata kwa abusa. Tsiku lonyamuka anandipatsa pulayala yawo yakale ndi kachitini kaja, nati, "Usakatichititse manyazi." 

Famuyo inali pamtunda pozizira, pamene nkhungu imatha kukhala mpaka dzuwa lili pamutu. Ankalima tirigu ndi mbatata ya kachewere, ndi kuweta ng'ombe za mkaka. Mwini wake tinkamutcha Bwana Msangamsanga, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankatsekera chilichonse chimene wanena. Sanali munthu wankhanza. Sankamenya, ndipo wantchito akadwala ankamutengera yekha kuchipatala pa galimoto. Vuto lake linali lakuti ankakhulupirira kuti palibe ntchito ya manja imene sangaidziwe atangoiona kamodzi. Anamangapo khola limene linagwa ndi mvula yoyamba, ndipo anati walakwa ndi wopondaponda dothi. Ankakhala ndi dona wake ndi kamtsikana kawo ka zaka zitatu.

Ine anandipatsa nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri ndi kamunda m'mbali mwa dambo, kamene mayi anu anadzalamo kachewere ndi kabichi. Mawaya a nyumba yaikulu ndinayala ndekha, chipinda ndi chipinda, ndipo kwa zaka ziwiri magetsi sanathimepo kupatula tsiku limene mphenzi inang'amba mtengo wa nthambo. Ndinkaona ngati ndafika.

Mnzanga wamkulu pafamupo anali a Mbewe, dobi, ndiye kuti wochapa ndi kusita zovala za m'nyumba yaikulu. Anali a msinkhu wa bambo anga, ndipo anayamba kugwirira banjalo ntchito bwana asanakwatire. Ankasita ndi simbi ziwiri za makala, ina ikugwira ina ikutentha, ndipo kutentha kwake ankakuyesa poiyandikiza patsaya. Pa zaka zonsezo sanawauleko ngakhale kampango. Lamulungu tinkakhala benchi imodzi kutchalitchi, iwo akuimba besi. Ngakhale ndinali mwana kwa iwo, ankanditcha "amisiri", ndipo ankanena mosaseka.

1954: Simbi yatsopano

Mu June chaka chimenecho amalume anamwalira ku Biriwiri, ndipo ndinapempha masabata awiri. Injini ndinasiyira woyendetsa thirakitala, amene ankadziwa kuiliza ndi kuizimitsa. Ndili kumaliro, dona anabwera kuchokera ku Blantyre ndi simbi yamagetsi. M'kachipinda kositira munalibe soketi, ndipo bwana sanafune kundidikira. Anakwera yekha kudenga, anakoka waya, anakhoma soketi pakhoma, nalamula kuti injini izilira m'mawa masiku ochapa.

Nditabwerera ndinapeza pafamu palibe mtendere. A Mbewe akangolumikiza simbiyo, pasanathe nthawi fyuzi inkapsa, mbali yonse ya zipinda zogona n'kuda. Bwana anali atamaliza theka la waya wanga wa fyuzi. Choipa china chinali chakuti a Mbewe sanabise kuti simbiyo sakuifuna. Ankati ndi yopepuka, ilibe mphamvu pa khaki, ndipo chingwe chake chimawakola m'manja. Choncho bwana anatsimikiza mumtima kuti mkuluyo akuiwononga dala kuti abwerere ku makala.

Lolemba m'mawa bwana anandiitana pa bokosi la mafyuzi. Anali ndi chidutswa cha waya wa kopa wonenepa ngati ndodo ya machesi.

"Waya wako uja wofooka," anatero m'Chinyanja chake chokhota. "Ika uyu. Msangamsanga."

"Bwana, ndiloleni ndione kaye chimene chikuipsereza."

"Ine ndaona kale. Waya wanga wabwino. Ika, msangamsanga."

Ana anga, ndikulemba izi kuti mudziwe bambo wanu mmene analili, osati mmene akanafunira kukhala. Ndinaika. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikulakwa, koma ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku masabata awiri amene anandipatsa mosavuta, ndipo ndinaopa kuoneka wosayamika. Ndinadziuza kuti ndikwera kudenga mawa lake. Mawa lake pampu ya madzi a ng'ombe inathyoka, ndipo ndinatha masiku awiri kudambo.

Lolembalo simbi inagwira bwino, bwana akuyenda monyadira. Lachitatu a Mbewe ali pakati pa kusita, magetsi a mbali ija anathimanso, koma ulendo uno fyuzi inali yamoyo. Kwa bwana umenewo unali umboni wokwanira: fyuzi ili bwino, waya ndi wake, ndiye kuti dobi wapha simbi ndipo simbiyo yawononga nyumba. Lachinayi pa foleni ya m'mawa, pamene antchito onse ankaima pabwalo kulandira ntchito za tsikulo, anaitana a Mbewe kutsogolo. Anawanena kuti ndi nkhalamba youma mutu ndi yowononga katundu mwadala, ndipo anawauza kuti achoke tsiku lomwelo. A Mbewe anavula chipewa, anati, "Ndamva, bwana," n'kupita kukamanga katundu. Dzuwa lisanakwere anali atanyamuka wapansi kupita kwawo kumalire.

Ine ndinatenga simbi ija kupita nayo kushedi n'kuilumikiza pa soketi ya pafupi ndi injini. Inatentha bwinobwino. Ndinaigwedeza, ndinapinda chingwe chake uku ndi uku, palibe chimene chinachitika. Simbiyo inalibe mlandu, ndipo woigwira analibenso mlandu.

Masana ndinazula fyuzi yaikulu, ndinaiika m'thumba, n'kukwera kudenga ndi tochi. Ngakhale kunali nyengo yachisanu, pansi pa malata panali potentha, ndipo fungo la mphira wopsa linandilandira ndisanalowetse mapewa. Ndinakwawa pa mitanda kutsata waya watsopano. Bwana anagwiritsa chingwe chopyapyala cha nyali ya patebulo, chimene sichinganyamule moto wa simbi. Sanachikokere ku bokosi kuti chikhale ndi fyuzi yakeyake. Anasenda waya wa getsi la chipinda china, anapotokolerapo chingwe chake ndi zala, n'kukulunga ndi pulasitala ya pabala. Fyuzi yanga yoyamba ija inkapsa chifukwa inkakana katundu woposa msinkhu wake. Titaitseka pakamwa ndi waya wonenepa, kutentha konse kunasonkhana pa mfundo imeneyo mpaka inapsa n'kuduka. Mtanda umene mfundoyo inagonapo unali utasanduka khala malo aakulu ngati chikhatho, ndipo nditakanda ndi chala unkanyenyeka. Pafupi pomwepo panali chisa cha makoswe cha udzu wouma ndi mapepala, m'mphepete mwake mutawauka. Ndinawerenga mitanda kuchokera kukhoma kuti ndidziwe pamene ndili. Ndinali pamwamba pa bedi la kamtsikana kaja.

Ndinatsika osakhudza kanthu, ndinapita kunyumba. Mayi anu anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, ali ndi pakati pa Yohane. Ndinawafotokozera zonse.

"Ndiye muchita bwanji, bambo a Esinati?" anafunsa.

"Waya wabwino ndili naye wokwana. Ndikhoza kukonza lero lomwe, osauza munthu. Nyumba ipulumuka, bwana sachita manyazi, ife tikhala."

"Nanga a Mbewe?"

"A Mbewe apita kale."

Anapitiriza kusankha, yowola uku, yabwino uko. Patapita nthawi anati, "Lamulungu mukakhala pa benchi ija nokha. Mukaimba?"



"Ine sindikukutumani," anatero. "Ntchito ndi yanu, ndipo mwana akubwerayu adzafuna kudya. Koma ngati mukuopa chifukwa cha ine, kwathu munda ulipo. Sindinabadwire m'nyumba ya njerwa."

Cha m'ma 4 koloko bwana anabwera kuchokera kumunda wa tirigu n'kundipeza nditaima pa bokosi la mafyuzi, makwerero ali pakhoma. Anafunsa ngati ndakonza. Ndinati sindinakonze. Anaona kuti fyuzi yaikulu palibe, nati ndiibwezere.

"Sindibwezera, bwana, mpaka mutakwera kudenga mukaone nokha."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anafunsa ngati nanenso ndikufuna kutsatira dobi. Ndinati zimenezo alamula ndi iye, koma nyumbayi sindiyatsa, ndipo simbi ili kushedi ikutentha bwino ngati akufuna kukaikhudza.  Anandilanda tochi n'kukwera. Ndinamva mitanda ikulira pamene ankakwawa mpaka anafika pa mfundo ija. Atatsika, ulusi wa akangaude uli m'tsitsi, anakhala pa sitepe ya khonde.

"Pansi pake chipinda chiti?" anafunsa, ngakhale ndikhulupirira ankadziwa.

"Cha mwana, bwana." Kenako ndinawonjezera kuti, "Ndipo waya wonenepa uja ndinaika ndine. Ndinkadziwa kuti n'kulakwa. Pamenepo mlandu ndi wanga."

Sanandiyang'ane. Anati ndichotse zonse zimene anaika, ndiyale mwa njira yanga, ndipo mawa nditenge njinga ndikaitane dobi. Aka kanali koyamba kumumva akulamula osanena kuti msangamsanga.

Tsiku lomwelo ndinadula waya wopsayo, ndinalumikiza wa getsi m'kabokosi ka sikuluwu, ndinasesa zisa zonse ndi kubwezera fyuzi yoyenera. Soketi ya simbi ndinaikokera waya wake wonenepa kuchokera ku bokosi, ndi fyuzi yake payokha.

Uthenga wa a Mbewe

Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka kumudzi kwa a Mbewe. Ndinawapeza akukonza mpanda wa dimba. Tinakhala pa chitsa, ndinawauza zonse, osasiya za waya wonenepa. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwachita bwino kubwera, amisiri," anatero. "Koma ndifunse. Pamene bwana anaona kuti walakwa ndi iye, panali ndani?"

"Tinali awiri."

"Pamene ankanditcha wowononga, panali ndani?"

"Panali onse."

"Ndiye mukawauze kuti dzina langa analitaya pabwalo. Akalitole pabwalo pomwepo. Ndibwera Lolemba pa foleni kudzamva. Za ntchito tikambirana pambuyo."

Kunena zoona, uthenga umenewu unandilemera kuposa za kudenga zija. Njira yonse ndinkayesa kuufewetsa, koma ukafewa unkasanduka bodza. Ndinaupereka monga ndinaulandirira. Bwana anaponya chipewa pa tebulo nati kodi ine ndi dobi tagwirizana kuti timuphunzitse ntchito pa famu yake? Ndinati ine ndangotumidwa. Dona anali chiimire pa chitseko, mwana ali m'manja, ndipo analankhula naye mawu ochepa m'Chingerezi motsitsa. Sindinawamve. Loweruka ndi Lamulungu bwana sanandilankhule.

Lolemba kunali nkhungu. Antchito anaima m'mizere yawo, okama ng'ombe uku, a kumunda uko. A Mbewe anafika atavala jekete yoyera yositidwa mpaka mizere yake kuoneka patali, anaima kumbuyo. Kapitawo atamaliza kuitana maina, bwana anakhosomola, anayang'ana pamwamba pa mitu yathu, nati, "Dobi alibe mlandu. Simbi yabwino. Waya woipa, ine ndinaika. Ine ndinanena zoipa kwa Mbewe. Pepani, Mbewe."  Ng'ombe zinkalira kukhola. Kenako anawonjezera kuti ntchito yawo ilipo, ayambe lero.

A Mbewe anabwera kutsogolo, anavula chipewa. "Zikomo, bwana, ndamva, ndipo onsewa amva. Koma ntchitoyo mupatse wina. Masiku anayiwa ndagona kwathu, ndaona kuti mpanda wagwa ndipo zidzukulu sizindidziwa. Ndikhala komweko." Dona anawapempha yekha kawiri, koma anakana mwaulemu. Anangopempha simbi imodzi ya makala, ndipo anawapatsa zonse ziwiri.

Za ine, ndinakhala pafamupo mpaka tirigu atakololedwa. Bwana sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanakhudzenso waya, koma sankathanso kundiyang'ana m'maso. Tikakumana panjira ankapeza choti ayang'ane kumbali. Yohane atakwanitsa miyezi iwiri anandiitana nati wapeza mmisiri wina wa ku Limbe wodziwanso mathirakitala. Anandipatsa kalata yabwino kwambiri, imene inandipezetsa ntchito ku boma, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Kabichi wa mayi anu tinamusiya m'munda asanakhwime, ndipo pa lole analira pang'ono, koma sanandinenepo kanthu.

Lolemba lija, foleni itabalalika, ndinaperekeza a Mbewe mpaka pa mtsinje wa kumalire a famu, simbi zawo nditamanga pa njinga.  Ndinkayembekeza kuti mwina andithokoza, kapena andidzudzula chifukwa cha waya uja, ndipo zonse ziwiri ndinali nditazikonzekera. Titafika pa mlatho wa mitengo anamasula simbi zawo, anaziika pansi, n'kundiyang'anitsitsa pakhosi. Anatambasula dzanja nagwira kolala ya malaya anga.

"Amisiri, malayawa akukusitirani ndani?"

"AnaNkhoma, bambo."

"Mukawauze kuti kolala amayamba kusita kunsi kwake, kuchokera kunsonga kupita pakati. Akayambira pamwamba imachita makwinya chonchi. Munthu woima pamaso pa bwana n'kumukaniza fyuzi asamaoneke ngati wagona m'khola."

Ananyamula simbi zawo, imodzi dzanja ili ina dzanja ilo, anawoloka. Uthengawo ndinakaupereka monga ndinaulandirira. Mayi anu anakhala masiku awiri osaseka nane, akuti nkhalamba imeneyo ibwere idzasite yokha. Tsiku lachitatu ndinawaona pakhonde akupemerera makala m'simbi, malaya anga atawayala chadodolido, kolala atayitembenuza.